Mayi Bwerezani ndi madzi a m'kamwa

Kodi munakumanapo ndi munthu woti mukamupatsa moni, asanayankhe amayamba wakukonzerani moni wanuwo? Ngati simunakumane naye, gwadani muthokoze Mulungu, wakupewetsani mtanda wolemera. Anthu a mumsewu wa kuseri kwa depoti ya mabasi mtanda umenewu anausenza kalekale. Amawatchula Mayi Bwerezani. Dzina lawo lenileni linatsalira pa khadi la kuchipatala. Ngakhale ana ongoyamba kumene kuyankhula amangoti Bwerezani, chifukwa ndiwo mawu amene amatuluka pakamwa pawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Tisanamizane, si munthu wokondeka. Ndi aafupi, ouma ngati chikuni, magalasi awo anamangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Kutchalitchi amakhala okha pabenchi kuchokera tsiku limene mlembi ankawerenga zolengeza, iwo n'kuimirira pakati pa anthu n'kunena kuti, "Bwerezani, chiganizocho chathyoka mwendo." Mwamuna amene anawafunsira ali mtsikana anachita kulemba kalata. Iwo anaibweza itakonzedwa ndi inki yofiira malo khumi ndi anayi. Bamboyo anakakwatira kwina, ndipo akuti mpaka lero akaona cholembera amatuluka thukuta.

Khalidwe limeneli analitenga kuntchito. Sukulu sanapite nayo patali, analekera panjira bambo awo atamwalira, n'kukalowa ntchito kosindikizira mabuku. Anayamba ndi kutayipa, kenako anawaika pa tebulo la osaka zolakwa. Pa tebulo limenelo pamakhala anthu awiri, wina amawerenga mokweza, wina amatsatira ndi chala papepala. Iwo anali owerengawo, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, Chingerezi chokhachokha. Khutu lawo linanoleka moti chiganizo chikalakwika ankamva ngati aluma mwala. Makompyuta atabwera anawapatsa wotchi ya pakhoma ndi kalata yowathokoza, n'kuwaonetsa khomo.

Ndiye anayamba kuphunzitsa ana amene akufuna kulowa kukoleji. Kuti mwana alowe kumeneko amayamba walemba mayeso, ndipo m'mayesomo muli gawo limene limagwetsa ambiri. Amakupatsa chiganizo cha Chingerezi, mbali ina yake ataijambula mzere kunsi. Pansi pake pali njira zisanu zonenera mbali imeneyo, iwe usankhepo imodzi yolongosoka. Zonse zisanu zimafanana ngati ana a mimba imodzi. China chimayamba ndi munthu mmodzi n'kumalizira anthu ambiri, china chimayamba dzulo n'kuthera mawa, china n'cholondola koma chavala mawu ambiri ngati munthu wamalungo. Mafunso makumi anayi, mphindi makumi asanu.

Aphunzitsi ena amapatsa ana malamulo oloweza. Mayi Bwerezani alibe nazo ntchito zimenezo. Mwana aliyense amamupatsa kachidutswa ka katoni kophimbira mayankho asanu aja. Aime, awerenge chiganizocho mokweza.

"Bwerezani!"

Awerengenso.

"Bwerezani! Mukutafuna mawu ngati ng'ombe. Chikutsimphina pati?"

Mpaka mwanayo amve ndi khutu lake pamene chikutsimphina, ndi pamene amaloledwa kuchotsa kakatoni. Ana amalira, makolo amawatukwana, koma chaka ndi chaka ana awo amakhoza, ndiye otukwana omwewo amabweretsanso ang'ono awo.

Chipinda chophunzitsira chinali kuseri kwa shopu ya alamu awo, a Mageti, owotcherera zitsulo. Kale chinali chosokera cha mng'ono wawo wa Mayi Bwerezani, mkazi wa a Mageti, amene anamwalira n'kusiya mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Alamu awiriwa sanakondanepo ngakhale tsiku limodzi. A Mageti ankalolera chipindacho chifukwa cha malemu basi, ndipo Mayi Bwerezani akangoti "Bwerezani," iwo ankayatsa makina odulira chitsulo, zwiii, mpaka mano kuyabwa.

Mwana wamasiye uja ndi amene analeredwa m'manja mwa Mayi Bwerezani. Kuyambira ali wamng'ono ankati adzakhala nesi, ndiye bambo ake ankamuitana moseka kuti Anesi, dzinalo n'kukakamira. Nesi anakula akuwerenga chilichonse mokweza, kaya ndi pepala la sopo, kaya ndi chikwangwani cha pabasi, chifukwa mayi ake aakuluwo sankalola kuti mawu alowe m'maso osadzera pakamwa.

Sukulu ya anesi imene ankafuna inkalola munthu kuyesa katatu basi. Koyamba anagwa ndi masamu, pang'ono pokha. Kachiwiri ndi pamene zinaipa.

Tsiku limenelo mayeso anayenera kutha masana, koma dzuwa lisanafike pamutu Nesi anali atalowa kale pageti, pensulo ili m'manja, maso ali psu.

"Mwamaliza kale, Anesi?" anafunsa bambo ake, akukweza chigoba chowotcherera. "Kapena odwala atha kuchipatala?"

"Andilanda pepala."

Mayi Bwerezani anatuluka m'chipinda choko ili m'manja. "Bwereza."

"Andilanda pepala, amayi. Akuti ndimanong'oneza mnzanga mayankho. Ine sindimadziwa kuti ndikuyankhula. Anandichenjeza koyamba, ndinatseka pakamwa. Nditafika pa ziganizo zija milomo inangoyamba yokha."

A Mageti anaponya chigoba pansi. "Mwamva, alamu? Mwamva zipatso zanu? Anzake amalephera mwaulemu, wanga amuthamangitsa ngati wakuba!"

"Mwana sanabe."

"Sanabe, inde. Mwangomusandutsa wailesi. Zaka khumi mukumuimbitsa ngati chinkhwe, lero waimba pamalo olakwika."

"Inu mukudziwapo chiyani za mayeso? Chikwangwani cha shopu yanu yomweyi ndinachita kukulemberani ine."

"Ndipo chimabweretsa makasitomala chikwangwanicho, kapena manja angawa? Tamverani. Pali bwana wina ndinamupangira mageti, akufuna mtsikana wa m'nyumba. Ndamukana kawiri. Ulendo wachitatuwu akalephera, Anesi akukachapa matewera kumeneko. Unesi womwewo, kusamalira anthu."

Nesi anangolowa m'nyumba. Miyezi inatsala inayi kuti alembe kachitatu.

M'mawa mwake Mayi Bwerezani anavala diresi lawo la kumaliro n'kupita kusukulu ya anesi kukamenya nkhondo. Anadikira pabenchi mpaka anamupeza woyang'anira mayeso uja, bambo wadazi, wofatsa mokwiyitsa.

"Mwana wanga si wakuba," anayamba asanakhale n'komwe. "Amawerenga ndi khutu, ndi mmene anthu ozindikira amawerengera."

"Mayi, ine ndikukhulupirira kuti sanabe. N'chifukwa chake sitinamuletse kudzalembanso. Koma m'holo mumakhala anthu mazana atatu. Aliyense atati aziwerenga ndi khutu, ndiye kuti ndi msika."

"Ana anga ena onse amalemba bwinobwino."

"Enawo mwina munakhala nawo miyezi itatu. Uyu mwakhala naye zaka zingati?"

Bamboyo anatulutsa pepala la mayeso akale n'kuliika patsogolo pawo.

"Tandiyankhireni funso loyambali, koma pakamwa pakhale potseka."

Mayi Bwerezani anaseka mwachipongwe, n'kukonza magalasi. Anayang'ana chiganizocho. Mawu onse ankawadziwa, koma anangoti ndondondo papepala ngati nyerere zakufa, osamveka kanthu. Anayang'ananso. Kenako anamva munthu akunong'ona m'chipindamo, ndipo atatukula maso anapeza bambo uja akuloza milomo yawo.

"Inunso ndikanakulandani pepala, mayi."

Anatuluka osatsanzika. Pakhomo panali chidziwitso cholakwika malo awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anachidutsa osachikhudza. Panjira yonse mtima unkawauza chinthu chimodzi: mwana uja wagwetsedwa ndi iwo eni. Koma Mulungu awakhululukire, atafika kunyumba sanapepese. Anangouza Nesi kuti, "Kuyambira lero uziwerenga chamumtima," ngati kuti ndi chinthu chongotola pansi.

Masabata atatu zinakanika. Nesi akatseka pakamwa, ankakhoza mafunso khumi ndi awiri pa makumi anayi. Akaiwala n'kuyamba kunong'ona, ankakhoza pafupifupi onse. Anayesa kuluma pensulo, mawu ankatulukira m'mbali. Anayesa kumanga mpango pakamwa, mpango unkangovina.

Yankho linabwera ndi dzino. Mayi Bwerezani linawavuta dzino la kumapeto mpaka anakalichotsa, ndipo adokotala anawauza kuti azivumata madzi ofunda amchere katatu patsiku. Tsiku lina masana ataima pakhonde, masaya ali tutumu ndi madzi, maso awo anagwera pa kapepala ka mankhwala. Milomo inafuna kuyenda, madzi anakana. Ndiye pang'onopang'ono, kutali m'mutu, anamva mawu akuwerenga okha. Pamzere wachitatu anamva mwala uja, gwe! Chiganizo chinali chotsimphina, ndipo anachimva pakamwa pali potseka. Analavula madziwo n'kukuwa, "Nesi! Tenga kapu!"

Kuyambira pamenepo ntchito inasintha. Nesi azivumata madzi, wotchi ya pakhoma ija iziyenda, iye aziyankha. Akameza kapena kulavula nthawi isanakwane, ayambirenso. Tsiku loyamba madzi anatulukira m'mphuno n'kunyowetsa mapepala onse. A Mageti atasuzumira pawindo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Anthuni bwerani mudzaone! Alamu atsegula sukulu ya achule!"

Koma zinayamba kuyenda, khumi ndi asanu, makumi awiri. Zitafika pa makumi awiri ndi awiri zinaima nji, pamene kuti munthu akhoze pankafunika makumi atatu. Chifukwa chake aliyense ankachiona kupatula mwini wake. Mayi Bwerezani ankaima kumbuyo kwa mwanayo, mpweya wawo uli m'khosi mwake. Pensulo ikangolowera kolakwika, "Mh-mh!" Ikachedwa, "Nthawi!" Ikafika pa yankho, "Watsimikiza? Bwereza!" Nesi ankadzidzimuka n'kumeza madzi, ndiye ayambirenso. Pofika madzulo mimba inali ndi ndowa yathunthu.

Kutatsala milungu isanu, Nesi anameza dala, n'kuika kapu patebulo mwamphamvu.

"Amayi, ine ndatopa."

"Watopa chiyani? Walima?"

"Ndatopa ndi inu."

Mayi Bwerezani anaona ngati sanamve bwino. Mwana ameneyu chibadwire sanawayankhepo.

"Mukuti ndizimva chiganizo m'mutu. M'mutu mwangamu mulibe malo, mwadzaza inu. Ndikangoyamba kuwerenga ndimamva inu, mh-mh, bwereza, mh-mh. Mawu anga sindiwadziwa n'komwe kuti amamveka bwanji."

"Iwe, ukuyankhula ndi ndani? Ndinakusambitsa ndi manja awa."

"Ndikudziwa. Ndipo munandithamangitsitsa m'holo ndi pakamwa pomwepo, simunanenepo n'kamodzi komwe kuti pepa."

Makina a a Mageti anali atazima, kusonyeza kuti khutu linali pakhoma.

Nesi anatenga kapu ina n'kuidzaza. "Mawa muvumate nanu. Mphindi makumi asanu, ngati ine. Mukameza, mukalavula, mukangoti mh, ine ndiika pensulo pansi n'kukauza ababa kuti andiperekeze kwa bwana wawo. Bola matewera, sayankhula."

Usaone kuuma, munthu wotere naye amaopa. Mayi Bwerezani anapemphera tsiku limenelo pemphero lalifupi, lopanda ulemu kwenikweni. Anati, "Ambuye, pakamwa apa munapanga ndinu. Mawa mupagwire nokha, ine pandikanika."

Mawa lake chakum'mawa anakhala moyang'anana, tebulo pakati, wotchi pakhoma. Anavumata onse awiri. Funso loyamba Nesi analikhoza. Lachitatu pensulo inapita kolakwika, Mayi Bwerezani akuona. Khosi lawo linagwedezeka, zala zinakanda benchi, koma anagwira. Pa lachisanu ndi chiwiri inalakwikanso. Thukuta linayamba kutsika kuseri kwa makutu.

Patatha mphindi khumi chitseko chinatseguka. A Mageti analowa akupukuta manja, n'kukhala pabenchi la ana, mwendo pamwamba pa unzake.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

Zii.

"Aa, simuyankha moni? Munthu wophunzira ngati inu? Mulungu ndi wamkulu, anthuni. Zaka makumi awiri ndakhala ndikupempherera tsiku limeneli."

Anayamba ndi zoseka. Anayankhula Chingerezi chawo cha kumageti, chothyokathyoka dala, akuyang'ana alamu awo m'maso. Anawerenga mokweza zolemba za pabolodi, akupotoza liwu lililonse. Masaya a Mayi Bwerezani ananjenjemera, koma madzi sanatuluke. Nesi sanatukule mutu, pensulo inkangoyenda.

Ataona kuti zoseka sizikugwira, a Mageti anasintha mawu. Mkwiyo wa zaka zambiri ukapeza khomo lotseguka sugogoda.

"Mukudziwa chimene ndimakudani nacho, alamu? Si phokoso lanu ayi. Ndi kalata ija."

Mayi Bwerezani anauma thupi lonse.

"Mukuganiza kuti sindinaione? Ili m'Baibulo mwanu. Mng'ono wanu ali pabedi kuchipatala, dzanja likunjenjemera, anakulemberani kuti mumulerere mwana. Mizere isanu yokha. Inu munatani? Munatenga inki yofiira. Malo atatu munazunguliza, alamu. Munthu akufa, inu mukumuchongera."

Zinali zoona. Anachita zimenezo pakhonde la chipatala, dzanja linangoyenda lokha monga mmene milomo ya Nesi inayendera m'holo, ndipo atazindikira inki inali itauma. Zaka khumi kalata imeneyo ankaitsegula okha, osauza munthu. Mayankho analipo, okwana kumugwetsa mwamuna ameneyu pabenchi. Akanamufunsa kuti iye anali kuti masiku amene iwo ankagona pansi pa bedi la wodwalayo. Akanamukumbutsa amene anasoka yunifolomu ya mwana, amene anapita naye kukabayitsa, amene anamuuza za kukula. Mawu onsewo anakwera mpaka pakhosi n'kukumana ndi madzi.

Anayang'ana Nesi. Pensulo inali itaima. Mwanayo nayenso masaya ali tutumu, misozi ikugwera papepala, akuwayang'ana kuti aone chimene achite.

Mayi Bwerezani anatukula chala n'kuloza wotchi. Kenako analoza pepala.

Pensulo inayambanso kuyenda.

"Palibe choyankha?" anatero a Mageti. "Bwerezani, alamu. Tanenani kuti bwerezani."

Misozi inatsika pansi pa magalasi omanga ndi ulusi aja, kudutsa pamasaya otupa, mpaka pa kolala. Sanaipukute. Anangokhala phee ngati chitsa, maso pa wotchi. A Mageti anayankhula zina ziwiri zitatu, koma mawu awo anayamba kuchepa mphamvu. Kutukwana munthu wosayankha kuli ngati kumenya chitsulo chozizira, limapweteka ndi dzanja lako lomwe. Pamapeto pake anangokhala, akuyang'ana mwana wawo akulemba, mwina koyamba chibadwire chake.

Nthawi itakwana Nesi anaika pensulo pansi n'kumeza. Mayi Bwerezani anaimirira bwinobwino, n'kuyenda mpaka pamene panali alamu awo. Apa ndiye ngakhale ife opemphera sitingawaikire kumbuyo. Madzi onse a mphindi makumi asanu anawalavulira pansapato za a Mageti.

"Chingerezi chanu n'chonyansa," anatero. "Tulukani, ndikufuna kuchonga."

Nesi anakhoza makumi atatu ndi atatu. Ndipo mafunso awiri amene analakwitsa poyamba aja anali atabwerera yekha n'kuwakonza, popanda womuuza.

Mayi Bwerezani anawerengera kawiri. Kenako, maso ali papepala, anati, "Za m'holo zija, ndinalakwa ndine."

"Bwerezani, amayi," anatero Nesi.

"Usandizolowere."

Milungu yotsalayo anavumata onse awiri tsiku ndi tsiku. Pa tsiku la mayeso Nesi anaima pampopi wa panja pa holo n'kuvumata. Woyang'anira wadazi uja ataitana dzina lake, iye anangokweza dzanja. Bamboyo anayang'ana masayawo, n'kuyang'ana kumwamba, n'kumusiya. Nesi akuti sakudziwa kuti madziwo anawameza nthawi yanji. Anangozindikira ali pa funso la makumi awiri, m'kamwa muli gwa, milomo ili phee, ndipo amene ankawerenga m'mutu mwake anali iye mwini.

Mayina atatuluka pabolodi, lake linali lachitatu kuchokera pansi. Koma pansi pa bolodi la okhoza ndi pamwamba pa matewera.

Mukuganiza kuti alamu aja anagwirana chanza? Ayi ndithu. A Mageti anazungulira msewu wonse akuuza anthu kuti mwana anatengera mutu wa bambo ake. Sabata yomweyo anauza Mayi Bwerezani kuti munthu wolavulira mwini nyumba sangakhalenso m'chipinda chake, n'kuwatulutsira mabenchi panja. M'chipindamo muli zitsulo tsopano. Mayi Bwerezani anatenga wotchi yawo n'kunena kuti chipindacho chinali chonunkha kale.

Nesi ali chaka chachiwiri. Akabwera patchuthi amayamba wadya kwa bambo ake, kenako n'kukadyanso kwa mayi ake aakulu, chifukwa akadumpha kumodzi nkhondo imabuka. Awiriwo mpaka lero sapatsana moni. Tikuwapempherera, koma Mulungu ali ndi nthawi yake, ndipo anthu awiriwa akumuchedwetsa.

Pano Mayi Bwerezani amaphunzitsira pakhonde la wosoka nsapato, moyang'anana ndi shopu ya alamu awo. Mwezi woyamba ana amawerenga mokweza monga kale, zwiii wa makina akuwathira mawu kuchokera kutsidya. Mwezi wachiwiri aliyense amabwera ndi kapu. Pakona pali ndowa ya madzi, yokhala pa kachitsulo ka miyendo itatu. Kachitsulo kameneko anangokapeza m'mawa wina kali pakhondepo, kowotcherera bwino, kopaka utoto. Palibe amene anavomera kuti ndiye anakapanga. Mayi Bwerezani anakayang'ana mbali zonse n'kunena mokweza, kuti zimveke kutsidya, kuti mwendo umodzi ndi waufupi. Koma ndowa anaikapo.

Ngati muli ndi mwana amene ziganizo zija zikumugwetsa, kapena mungofuna kuona chimene Mulungu angachite ndi pakamwa povuta, pitani mukawaone. Mukatsika basi mudzere kuseri kwa depoti, mutsate phokoso la chitsulo. Mukapeza ana khumi atakhala chete masaya ali tutumu, ndi mayi wamfupi patsogolo pawo nayenso masaya ali chimodzimodzi, mwafika. Mupite nthawi imeneyo, madzi adakali m'kamwa, ndi pamene amalandira bwino alendo. Wotchi ikakwana, moni wanu mukhale mutaukonzeratu.